Musavomere ganyu wodula malata a asbestos ndi grinder

Mukamayenda m'misewu ya ku Nkolokosa kapena ku Chitawira, tsiku lina tayesani kukweza maso m'malo momangoyang'ana pafoni. Muona madenga a mitundu iwiri. Ena ndi a malata atsopano, ofiira, obiriwira, abuluu, onyezimira padzuwa. Ena ndi otuwa, okhuthala, a mizere ikuluikulu, ndipo ambiri anada ndi ndere. Otuwawo ndi aja timangoti malata a asbestos, ngakhale kuti mulibe chitsulo olo pang'ono. Nyumba zambiri za m'madera amenewa zinamangidwa ndi Malawi Housing Corporation, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1964, nthawi imene dziko lonse lapansi linkaona asbestos ngati chinthu chamakono ndi chodalirika. Masiku ano madenga otuwawa akuchepa chaka ndi chaka. Aliyense amene wapeza kangachepe akusasula n'kukhoma malata achitsulo.

Kusintha denga si kulakwa. Chimene chimandivuta ine n'chakuti sitifunsa kuti akukwera pamwambapo ndani, ndipo akusasula bwanji. Kawirikawiri amakhala mmisiri mmodzi ndi anyamata awiri kapena atatu aganyu, ena a msinkhu wanu womwewu, amene akusaka ya fizi kapena ya bandulo pa holide. Kumphuno kulibe kanthu. Lata likakana kuzuka amaliphwanya ndi hamala, likatalika amalidula ndi grinder, akamaliza amasesa fumbi ndi tsache. Maganizo anga ndi awa, ndipo ndiwaikira umboni: denga la asbestos limene lili bwinobwino pamalo pake si loti likusowetseni tulo, koma ganyu wolidula kapena kuliphwanya lili louma ndi woti mukane, kaya akulonjezani zingati.

Tiyambe ndi chinthucho. Asbestos sapangidwa m'fakitale ayi, ndi mwala wokumbidwa pansi. Chodabwitsa chake n'chakuti ukauswa suphwanyika tizidutswa ngati miyala ina, umasanduka ulusi, wofewa moti anthu ankalukira nsalu. Dzinali linachokera ku Chigiriki, ndipo limatanthauza chinthu chosazimitsika. Mitundu yake ilipo 6, koma imene inatchuka pa malonda ndi itatu: woyera wotchedwa chrysotile, wabuluu wotchedwa crocidolite, ndi wabulauni wotchedwa amosite. Dzina lomalizali analipanga kuchokera ku zilembo za kampani ya Asbestos Mines of South Africa, ndiye mwaona kale kuti nkhaniyi ndi ya kuno kummwera kwa Africa, si ya kutali. Lata la padenga ndi simenti yosakaniza ndi ulusi umenewu, magawo 10 mpaka 15 pa 100 alionse. Simenti payokha imalimba mukaipanikiza, koma imathyoka msanga mukaipinda. Ulusi uja umagwira ntchito imene zitsulo zimagwira mu konkire, n'chifukwa chake lata lopyapyala limatha kukhala padenga zaka makumi.

Monga mphunzitsi wa Fizikisi ndinene chilungamo, amene anasankha asbestos sanali opusa. Sapsa ndi moto. Sachita dzimbiri. Salola kutentha kudutsa mosavuta, ndiye masana a mu Okutobala nyumba ya asbestos imakhalako bwino pamene ya malata achitsulo opanda siling'i imakhala ngati uvuni. Amene mwaphunzira kale conduction, ndi imeneyi: chitsulo chili ndi ma electron oyenda momasuka amene amanyamula kutentha msanga, pamene simenti ndi mwala zilibe. Mvula ikamagwa, pansi pa asbestos mumamvana polankhula. Koma kulimba komweku, kusapsa, kusawola, kusasungunuka, ndi kumene kumachititsa kuti ulusiwu ukalowa m'mapapo thupi lisowe nawo chochita.

Tsopano tibwere pa kukula kwake, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Tengani milimita imodzi pa rula yanu, muigawe ka 1,000. Gawo limodzilo ndi micrometre. Tsitsi la munthu ndi lonenepa pafupifupi ma micrometre 70. Tiulusi ta asbestos timene timafika mkati mwenimweni mwa mapapo sitikwana ma micrometre 3 m'kunenepa, ndipo tambiri sitifika n'komwe micrometre imodzi. Ulusiwu uli ndi khalidwe lina loipa. Ukaupera sumangofupika, umang'ambika m'litali, kaulusi kamodzi n'kusanduka tambirimbiri, tonse toonda kuposa koyamba kaja. Ndiye fumbi loyera limene mumaliona grinder ikamalira si limene ndimaliopa kwambiri. Lalikulu lotero limakodwa m'mphuno ndi pakhosi, mumayetsemula, mumatsokomola, lambiri limatuluka. Choopsa ndi chimene chimatsala mumpweya fumbi looneka lija litagwa kale pansi. Sichioneka, sichinunkha, sichitsamwitsa.

Mukukumbukira terminal velocity? Chinthu chikamagwa mumpweya chimafika poti kulemera kwake kwafanana ndi mphamvu ya mpweya yochibweza, ndiye chimangotsika ndi liwiro losasintha. Pa tinthu ting'onoting'ono kwambiri, George Stokes anaonetsa mu 1851 kuti liwiro limeneli limatsatira kukula kwa kanthuko kuchulukitsa ndi kukula komweko. Mukachepetsa kukula ka 10, liwiro limachepa ka 100. Tiyeni tiwerengere limodzi. Kadontho ka madzi ka ma micrometre 10 kamatsika pafupifupi mamilimita 3 pa sekondi. Kuchoka pa mamita 2 kufika pansi, ndiye kuti mamilimita 2,000 kugawa ndi 3, masekondi 670 kapena chapompo, amene ndi mphindi 11. Kadontho ka micrometre imodzi katenga nthawi yotalika ka 100, mphindi 1,100, pafupifupi maola 18. Kaulusi si kozungulira ngati kadontho ndipo n'kolemererako, choncho manambala ake amasiyanako, koma chithunzi chake n'chomwecho. Komanso tawerengera mpweya wodekha, wosagwedezeka. M'nyumba yeniyeni wina akatsegula chitseko, wina akadutsa, wina akasesa, zonse zimanyamukanso. Munthu akadula lata m'chipinda Loweruka m'mawa, ana amene agone m'menemo Loweruka usiku apuma zomwezo.

Nanga bwanji ndalimbana ndi grinder? Diski ya grinder yaing'ono imazungulira pafupifupi ka 11,000 pa mphindi imodzi. Siidula ngati mpeni, imapera. Simenti imene inamanga ulusi uja kwa zaka 50 imasanduka ufa m'masekondi ochepa, ndipo mphepo ya diskiyo imaponyera ufawo kumaso kwa amene wawerama akudula. Palibe chida china pa saiti chimene chimamasula tiulusi tambiri chonchi pa nthawi yochepa chonchi.

Za mkati mwa thupi ndi za a Bayoloje, koma ndidutsepo mwachidule. Kaulusi koonda kamayenda ndi mpweya ngati muvi mpaka m'timatumba ta m'mapapo tija timati ma alveoli. Kumeneko kuli maselo otchedwa macrophage, amene ntchito yawo ndi kumeza fumbi ndi tizilombo. Selo loterolo likakumana ndi kaulusi kotalika kuposa ilo, limayesa kumeza, limalephera, limakhuthula mankhwala ake owononga, kenako limafa, kaulusi kali pompo. Limabwera lina, zomwezonso. Izi zikachitika kwa zaka, mapapo amachita zipsera n'kuuma, satambasuka bwino, ndipo munthu amabanika pongokwera kachitunda. Amenewo ndi matenda a asbestosis, ndipo zipserazo sizibwerera m'mbuyo. Tiulusi tina timafika mpaka pa kachikopa kopyapyala kokuta mapapo. Kumeneko timayambitsa khansa yotchedwa mesothelioma, imene nthawi zambiri gwero lake ndi asbestos, ndipo ambiri amene apezeka nayo satha zaka ziwiri. Bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, limatinso asbestos amayambitsa khansa ya m'mapapo, ya pakholingo, ndi ya m'thumba la mazira a amayi. WHO imati anthu oposa 200,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa chopuma asbestos kuntchito.

Anyamata amene mwayamba kubisala kuseri kwa zimbudzi ndi ndudu, imvani iyi. Irving Selikoff ndi anzake anatsatira anthu ogwira ntchito ndi asbestos ku America ndi ku Canada. Anapeza kuti asbestos yekha ankachulukitsa chiopsezo cha khansa ya m'mapapo pafupifupi ka 5, fodya yekha pafupifupi ka 10, koma ziwirizi pamodzi kupitirira ka 50. Si 5 kuphatikiza 10 ayi, ndi 5 kuchulukitsa ndi 10.

Ndikudziwa mayankho amene mukalandire mukakanena izi. Kunyumba akati, "Ife takhala m'nyumba ino kuyambira nthawi ya Kamuzu, wafa ndani?" Mmisiri akati, "Iwe mwana, ntchito imeneyi ndinayamba usanabadwe." Akunyumba akunenako zoona, chifukwa ulusi umene wamangika mu simenti yosaphwanyika umatuluka wochepa kwambiri. Mmisiriyo ndiye akunamizidwa ndi nthawi. Mesothelioma imatenga zaka 20 mpaka 50 kuti ionekere. Mnyamata wa zaka 17 amene wadula malata chaka chino akhoza kudzadwala ali ndi zaka 50, ana ake ali kusekondale ngati inu, ndipo palibe amene adzakumbukire maganyu a pa holide aja. Munthu amaphunzira msanga ngozi imene imapweteka pompopompo. Ukagwira waya wamagetsi kamodzi, subwerezanso. Asbestos saphunzitsa choncho. Sindikunena kuti aliyense amene anapumako kamodzi adzadwala, ayi, ambiri sadzadwala, ndipo chiopsezo chimakula ndi kuchuluka kwa zimene wapuma. Koma palibe mlingo umene asayansi anaupeza n'kunena kuti kutsika apa palibe vuto, ndipo ganyu sakhala mmodzi. Amene wadziwika kuti saopa denga amamuitananso nyumba yotsatira.

Funso loti wafa ndani lili ndi vuto linanso. Zizindikiro za matenda a asbestos ndi kubanika, chifuwa chosatha, kuwonda, kupweteka m'nthiti, madzi m'chifuwa. Mwazizindikira? Ndi zomwezo za TB, matenda amene ndi ofala kwathu kuno. Kuti dokotala atsimikize mesothelioma amafunika kutenga kachidutswa ka mnofu n'kukayeza, ndipo si chipatala chilichonse chingachite zimenezo. Matenda osayezedwa salowa m'kaundula, ndipo pamaliro amangoti anadwala chifuwa nthawi yaitali.

Mmene dziko linadziwira za khansa imeneyi ndi nkhani ya TB yomweyo. Kuti asbestos amawononga mapapo zinadziwika kale. Nellie Kershaw, mayi wogwira ntchito mufakitale ya Turner Brothers ku Rochdale, ku England, anamwalira mu 1924 ali ndi zaka 33, ndipo imfa yake inalembedwa m'magazini ya madokotala chaka chomwecho. Koma za mesothelioma zinatulukira ku South Africa. Dokotala wina, C.A. Sleggs, ankayang'anira chipatala cha TB ku Kimberley, ndipo anadabwa kuti odwala ena ochokera kumadera a migodi ya asbestos sankachira ndi mankhwala a TB pamene anzawo ankachira. Mu 1960 iyeyu pamodzi ndi J.C. Wagner ndi Paul Marchand anafalitsa lipoti la odwala 33 a mesothelioma. Onse kupatula mmodzi anakhudzanapo ndi asbestos wabuluu wa m'chigawo chimene lero ndi Northern Cape. Chimene chinadzidzimutsa anthu n'chakuti ambiri mwa iwo sanagwirepo ntchito mumgodi. Ena ankangokhala pafupi, ena ankasewera pa milu ya zotsalira za mgodi ali ana. Mu 1965 Muriel Newhouse ndi Hilda Thompson anapeza zofanana ku London, pa achibale a ogwira ntchito amene ankabwera kunyumba ndi zovala zafumbi. Atsikana, apa mpamene nkhaniyi ikukukhudzani ngakhale simudzakwera padenga. Amene amakutumula ovolosi ya achimwene asanaichape amapuma fumbi lomwelo.

Ndipo ife sitinali ongoonerera. Agogo athu ambiri anapita ku Joni ndi ku Rhodesia kukagwira m'migodi, ndipo ena anakathera m'migodi ya asbestos ngati ya ku Shabani ndi ku Mashaba, kumene lero ndi Zvishavane ndi Mashava ku Zimbabwe. M'matauni amenewo mukadali mabanja ochokera ku Malawi. Ku South Africa, anthu pafupifupi 7,500 anasumira kampani ya Cape plc ku London, ndipo mu 2000 khoti lalikulu kwambiri la ku Britain linavomera kuti mlanduwo umvedwe kumeneko. Chipukutamisozi chinagwirizanidwa komaliza mu 2003, odandaula ambiri atamwalira kale akudikira. South Africa, dziko limene linkagulitsa mitundu yonse itatu, linaletsa asbestos mu 2008. Mozambique inaletsa mu 2010. Britain inamaliza kuletsa mu 1999, mayiko a European Union mu 2005, Canada mu 2018. Ku Canada kunali tauni imene dzina lake linali Asbestos, ndipo mu 2020 eni ake anavota kuti isinthidwe n'kukhala Val-des-Sources. Dzina linayamba kuwachititsa manyazi.

Mukafufuza pa intaneti mukumana ndi mtsutso wina, ndipo ndi bwino muumve kwa ine kaye. Mayiko ngati Russia, Kazakhstan ndi Zimbabwe akhala akunena kuti asbestos woyera ndi wosiyana, kuti alibe vuto akagwiritsidwa ntchito mosamala. Muli kachilungamo. Wabuluu ndi wabulauni ndi wowongoka ngati singano, amakhalitsa m'mapapo, ndipo amayambitsa mesothelioma kwambiri kuposa woyera, amene ulusi wake ndi wopotana. Koma WHO imanena mosapsatira kuti mitundu yonse imayambitsa khansa, woyera yemwe. Ndipo taganizirani mawu akuti mosamalawo. Amatanthauza fakitale yokhala ndi makina oyamwa fumbi, anthu oyeza mpweya, zovala zochapidwa kuntchito komweko. Kodi zimenezo zilipo padenga la ku Nkolokosa, pamene mnyamata wavala malaya a timu ya mpira ndi masilipasi? Komanso lata lakale simungalidziwe ndi maso kuti muli mtundu uti. Ena ankasakaniza.

Denga ndi chitsanzo chimodzi chabe. Ambiri a inu mukalemba MSCE mudzapita ku Soche Technical College kapena mudzaphunzira ntchito kwa amalume, ndipo asbestos mudzakumana naye m'malo amene simukuwaganizira. Pulambala amakumana naye m'mapaipi akale otuwa a madzi ndi a zonyansa. Wamagetsi amakumana naye akamaboola mabodi akale a siling'i. Makaniko amakumana naye m'mabuleki, mu clutch ndi m'ma gasket, chifukwa zimenezi zimagwira ntchito pa friction ndi kutentha, ndipo kwa zaka zambiri asbestos ndiye ankathetsa vutolo motchipa. Mayiko ena akupangabe zida zotero mpaka lero. Chizolowezi chopemerera fumbi la mabuleki ndi kompuresa, kapena ndi pakamwa penipeni, n'chofala m'magalaja athu, ndipo n'chimodzimodzi ndi grinder uja. Nsanza yonyowa imagwira ntchito yomweyo popanda kuulutsa kanthu. Paja wina afunsa za madzi akumwa odutsa m'mapaipi a asbestos. WHO imati palibe umboni wokhazikika woti kumeza tiulusiti m'madzi kumadwalitsa. Ngozi ili kwa amene akudula paipiyo, si kwa amene akumwa tiyi.

Tsopano pali anzanga ena, ophunzira bwino ndithu, amene amati boma lilamule kuti madenga onse a asbestos achotsedwe pofika chaka chamawa. Ine apa ndimasiyana nawo. Denga losang'ambika likhoza kukhala zaka zina zambiri likutulutsa zochepa, pamene kulisasula mosadziwa kumatulutsa zambiri tsiku limodzi. Mukalamula kuti onse asasule mwachangu popanda amisiri ophunzitsidwa, ntchitoyo igwera anyamata aganyu omwewo, kungoti tsopano nyumba mazanamazana nthawi imodzi. Funso lachiwiri n'lakuti malata akalewo akupita kuti. Kwathu kuno chinthu sichitayidwa. Lata likatsika padenga ku Nkolokosa limakapezeka ku Zingwangwa kapena ku Bangwe lili khola la nkhuku, mpanda wa bafa, chivundikiro cha dzenje, ndipo kuti likwane pamenepo alidulanso. Zidutswa amakwirira nazo maenje a mumsewu, kumene matayala a galimoto amazipera tsiku ndi tsiku m'chilimwe chonse, ana akudutsa popita kusukulu. Ana ena amaponya zidutswazi pamoto kuti ziphulike. Fizikisi yake ndi yosavuta, madzi a m'timabowo ta simenti amasanduka nthunzi, nthunzi imasowa potulukira, pressure imakwera mpaka phuu. Kuphulikako kumamwaza ulusi, ndiye mukawaona ang'ono anu akuchita zimenezi aletseni. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anatikumbutsanso kuti nthawi zina denga silidikira mmisiri, ndipo pambuyo pa mvula yotero anthu amatola ndi kusesa zogumuka ndi manja.

Chimene ndingakonde ndi dongosolo la pang'onopang'ono koma lenileni. Tiyambe ndi madenga osweka ndi ofumbutuka, makamaka m'masukulu ndi m'zipatala. Amene ali bwino asiyidwe, kapena apakidwe penti popanda kuwapala ndi sandipepa kapena bulashi ya waya. Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la mu 1997 limapereka kwa olemba ntchito udindo woteteza antchito awo, koma waganyu amene wagwirizana pakamwa m'mawa n'kulipidwa madzulo, woyendera ntchito wa boma sadzamuona. Ndiye chitetezo chake chiyenera kubwera njira zina. TEVETA ionetsetse kuti aliyense wophunzira zomanga, zamipope, zamagetsi ndi zamagalimoto akudziwa asbestos asanalandire satifiketi. Khonsolo ya mzinda wa Blantyre ikhale ndi malo odziwika okwirira malata amenewa, olengezedwa pawailesi, chifukwa kuuza munthu kuti asataye paliponse osamuuza kokataya n'kungotaya mawu. Malawi Bureau of Standards iziyang'ana mabuleki ndi mabodi olowa m'dziko, kuti tisamachotse wakale kwinaku tikugula watsopano. Ndipo mwini nyumba amene akudziwa kuti denga lake ndi la asbestos n'kulemba mwana wa mnzake osamuuza, kwa ine ameneyo walakwa, kaya lamulo limugwira kaya ayi.

Nanga ngati ntchitoyo ndi ya panyumba panu ndipo ichitika ndithu? Mwana wasukulu asakwere, imeneyo ndi ya akuluakulu. Koma inu mukhoza kukhala amene mukuwauza zoyenera. Malata anyowetsedwe bwino asanakhudzidwe ndipo akhale onyowa mpaka kumapeto, chifukwa madzi amamata tiulusi pamodzi n'kukhala timadontho tolemera, ndipo mwaona kale zimene Stokes ananena za tinthu tikuluko. Adule kapena kumasula mabawuti, osati lata. Lata litsike lathunthu, polandirana, osati kuliponya pansi. Grinder, drill yamagetsi ndi tsache louma zisayandikire. Zinyenyeswa azitole zili zonyowa, azikulunge m'pulasitiki yokhuthala n'kumanga. Mawindo atsekedwe, ana ndi ziwiya zichoke, aneba auzidwe kuti aanule zovala. Masiki ya nsalu kapena yabuluu ija tinkavala nthawi ya Covid siithandiza pano, chifukwa mpweya umalowa m'mbali ndipo tiulusi timadutsa. Yofunika ndi yolembedwa FFP3 kapena P3, yogwira bwino kumaso, ndipo ndevu zimailepheretsa kugwira. Zovala zantchito zivulidwe panja zili zonyowa, osazikutumula, ndipo zisasakanizidwe ndi za ana. China chimene anthu amaiwala: lata lakale la asbestos limaoneka lolimba koma limathyoka mwadzidzidzi munthu akapondapo. Imeneyo ndiye ngozi yosadikira zaka 30.

Kukana ganyu kwa munthu wamkulu n'kovuta, ndikudziwa, makamaka ngati ndi neba kapena mnzawo wa bambo. Simukufunika kuchita mwano kapena kuwaphunzitsa Fizikisi. Mukhoza kungoti, "Pepani bambo, malata awa ndi a asbestos, fumbi lake limawononga mapapo. Ndikhoza kuthandiza kunyamula malata atsopano kapena kusakaniza matope, koma kudula ndi kuswa awa ayi." Ena akusekani, akuti sukulu yakupatsani mantha. Ena afunsa kuti fumbilo limatani, ndipo pamenepo muwauze za maola 18 aja.

Ngati kwanu kuli agogo amene anagwirapo m'migodi ya ku Zimbabwe kapena ku South Africa, kapena amalume amene akhala akukhoma madenga, kudula mapaipi kapena kukonza mabuleki kwa zaka zambiri, khalani nawo pansi muwafunse. Lembani papepala malo amene anagwira, zaka zake, ntchito yeniyeni imene ankachita, ndiponso ngati ankasuta. Akayamba kubanika kapena kutsokomola kosatha, apite akayezetse TB monga mwa nthawi zonse, chifukwa TB ndi yofala ndipo imachizika. Koma mukawaperekeza, kaya ku chipatala cha ku Zingwangwa kaya ku Queens, pepala lija mupite nalo ndipo mulipereke kwa dokotala ngakhale asanafunse, makamaka ngati zotsatira za TB zabwera zopanda kanthu kapena mankhwala atha koma chifuwa chikadalipo.